Dzina la Malemu Likuyakabe pa Foni

"Boaz, mwananga, wadzuka bwanji? Kuno mtedza wakhwima koma wozula palibe. Mbuzi yako ija yaswa."

Getrude anadina foni kuti ikhale chete, koma chala chake chinali ndi mafuta a chiponde, ndipo mawuwo anapitirira mpaka kumapeto. Anali mawu a apongozi ake, amayi Yosefina a ku Chipangali. Boaz amene ankamupatsa moniyo anali m'manda kuyambira nyengo yozizira ya chaka chatha. Getrude anaponya nawo dothi. Amayi Yosefina nawonso anaponya, anthu atawagwira m'khwapa uku ndi uku.

Vuto linali dzina. Boaz Jere potsegula akaunti ya Fesibuku anakana zoti mwamuna akhale ndi yake, mkazi yake. "Bedi limodzi, akaunti imodzi," ankatero akuseka. Analemba kuti Boaz Na Getrude Jere. Akaunti yomweyo ndi imene inkawadyetsa. Ankakazinga mtedza wa kumudzi, kusinja, kuthira m'mabotolo, kujambula, ndipo amayi a m'maofesi a mu Chipata ankaitanitsa pomwepo. Boaz atamwalira Getrude anapitiriza, chifukwa makasitomala anali pamenepo ndipo mimba sidikira kuti munthu amalize kulira. Ndiye tsiku lililonse akangoyatsa foni, kadontho kobiriwira kankayaka pambali pa dzina la Boaz, kuuza dziko lonse kuti munthuyu alipo, mulankhuleni.

Amayi Yosefina sadziwa kuwerenga. Koma zilembo za dzina la mwana wawo ankazidziwa ngati nkhope. Foni anawagulira Boaz yemweyo, n'kuwaonetsa podina akafuna kulankhula. Masiku oyamba Getrude ankayankha kuti, "Amayi, ndine Getrude." Ankakhala chete tsiku limodzi, mawa lake n'kuyambiranso: "Boaz, mwananga." Getrude anatopa, anasiya kuyankha.

Sanali iwo okha. Mnzake wa kusukulu wa ku Kitwe anamufunira Boaz tsiku lobadwa labwino, ndi chithunzi cha keke. Kasitomala wina analemba kuti, "Bwana Boaz, mwasowa, mwalemera kodi?" Munthu amalengeza maliro kamodzi. Getrude ankalengeza sabata iliyonse.

"Ndi agogo amenewo?" Takondwa anali ataima pakhomo, chikwama cha kusukulu chili kumsana. "Akulankhula ndi adadi?"

"Vula yunifolomu. Usaiponye pansi, sindichapa kawiri."

Takondwa anali ndi zaka khumi. Anali mwana wa Boaz mwa mkazi wake woyamba, Leticia, amene anamwalira mwanayo akuyamwabe. Getrude anamupeza akuphunzira kuyenda. Ndiye amene anamuchotsa matewera, kugona naye m'chipatala chifuwa chikamutseka, kumuperekeza tsiku loyamba kusukulu. Iye mwini sanaberekepo. Chifukwa cha chimenecho, pamene anzake onse pa mzere wa nyumba zawo ku Kapata ankaitanidwa kuti amake uje, amake uje, iye ankangokhala Getrude, ngati mtsikana wotumidwa kumsika. Kumudzi kwa mwamuna wake ndiye osanena. Mwanayo yekha ndi amene ankamuti amami.

Nkhani yosintha dzina anali ataiyesapo kamodzi, kwa alamu ake a Bizwell, mkulu wake wa Boaz. A Bizwell anamvetsera akutokosa m'mano.

"Simunasudzulidwe, mlamu. Akulu sanakhale pansi kukumasulani. Dzina la mng'ono wanga likhale pomwe analisiya mpaka tikolole."

"Alamu, dzinali likuvutitsa amayi."

"Mkazi akafulumira kuchotsa dzina la mwamuna ndiye kuti wapeza lina loikapo. Ndipo ndikuuziretu: mwana wa kwa Jere sakulira pakhomo pa mwamuna wina."

Basi, anamumanga pomwepo. Kwa Angoni mwana ndi wa kwa bambo, ndipo Getrude analibe ngakhale dontho la magazi loti angaloze. Akachotsa dzina, amuchotsera mwana. Analisiya dzinalo likuyaka.

Lachisanu masana chitseko cha kumpanda chinamenyedwa ngati kwabwera apolisi. A Bizwell analowa osaodira, fumbi la msewu lili m'nsidze.

"Mlamu, kodi ndinu mfiti kapena mwangopenga?"

"Alamu, moni kaye."

"Moni wa chiyani? Mverani ichi."

Anatulutsa m'thumba foni ya amayi awo, yomangidwa ndi labala, n'kudina. M'nyumbamo munamveka phokoso la pasiteshoni, kondakitala akukuwa chapatali, kenako mawu amene Getrude ankawadziwa kuposa ake omwe.

"Amayi, ndanyamuka. Ndifika madzulo. Mundisungire nkhwani."

Botolo limene Getrude anagwira linagwa. Silinasweke, linangogubuduka mpaka kunsi kwa kabati. Getrude anakhala pansi, pasimenti. Kwa kamphindi anayang'ana kukhomo, ngati mmene ankayang'anira akamva mluzu wa Boaz pamsewu. Kenako nzeru zinabwerera. Uthengawo anaudziwa. Unali wakale, wa chaka chimene Boaz anapita kukathandiza kufolera nkhokwe. Koma pafoni ya amayiyo unaoneka kuti wafika dzulo, kuchokera kwa Boaz Na Getrude Jere.

"Mukudziwa zimene amayi anachita?" anafunsa a Bizwell. "Anapha nkhuku. Anasesa m'chipinda cha Boaz. Anavala chitenje cha kutchalitchi n'kukakhala pamsewu, pansi pa mtengo wa mango. Galimoto iliyonse ikatulutsa fumbi, iwo dzuu, kuimirira. Ikadutsa, kukhala. Mpaka ng'ombe zinalowa m'khola. Tinachita kuwanyamula ine ndi mlongo wanga Memory, akukana, akuti mwana wanga apeza palibe womulandira. Lero ali pamphasa, sakudya. Mwakondwa?"

"Sindinatumize ine."

"Foni ndi ya ndani?"

Getrude anatsegula pakamwa kuti alumbire. Ndipamene anaona nsalu yotchinga chipinda ikugwedezeka, ndi zala ziwiri zazing'ono zitaigwira. Dzulo m'mawa foni anaisiya ikutchaja akupita kukasamba. Anatseka pakamwa.

"Ndi yanga."

"Lamulungu mubwere kumudzi. Mubwere ndi mwana, ndi chikwama chake."

Anamenyetsa chitseko mpaka chithunzi cha ukwati chinapendekeka pakhoma.

Getrude sanaitane. Anangokhala pomwepo mpaka Takondwa anatuluka yekha, misozi itafika kale kuchibwano.

"Agogo amalira, amami. Anati, Boaz tandiyankha kamodzi kokha. Ndiye ndinapeza mawu aja kumwamba kwenikweni, ndinangofuna kuti asiye kulira."

"Unawapeza bwanji?"

"Ndimawamvera. Mukapita kosamba."

Dzanja la Getrude linakwera. Linakhala m'mwamba, kenako linatsika lokha n'kugwera pamutu pa mwanayo. Tsitsi linali litamasuka mbali imodzi, lofunika kulukanso.

"Tamvera. Kumudzi usakatsegule pakamwa. Akakufunsa, sukudziwa kanthu."

"Koma aziti ndinu."

"Ine ndine wamkulu, mawu a anthu ndinawazolowera. Iwe akangomva kuti unaitana munthu wakufa, akupatsa dzina limene silichoka ndi sopo. Ana anzako azithawa mbale yako. Wandimva?"

Tsiku limenelo, mwana atapita kukatunga madzi, Getrude anatenga foni n'kulowa mpaka pamalo posinthira dzina. Panali timabokosi titatu: Boaz, Na Getrude, Jere. Anayamba kufufuta kuchokera kumapeto. Chilembo chimodzi, chachiwiri. Zinali ngati akumutsekanso maso, mmene anachitira m'wodi muja kuchipatala anamwino atachoka. Pansi pake panali chenjezo lakuti ukasintha sungasinthenso mpaka patapita miyezi iwiri. Anabwezera zilembo zija, n'kuika foni chafufumimba patebulo. Kenako anakatenga singano kuti asoke thumba la diresi ya Takondwa, chifukwa mwana sangapite kwa eni ake ndi zong'ambika.

Lamulungu anakwera minibasi Misa yoyamba itangotha. Njira yonse Takondwa anagwira chitenje cha Getrude. Atatsika, Getrude anauona mtengo wa mango uja. Pansi pake panali njerwa imodzi yoimika, ndipo dothi la patsogolo pake linali losalala chifukwa cha mapazi. Anamukoka mwana kuti adutse msanga.

Pabwalo anapeza a Bizwell pampando, ndi Memory, mlongo wake wa Boaz, atakhala pamphasa manja atapinda. Amayi Yosefina sanatuluke. Chitseko chawo chinali chotsekula pang'ono, m'kati muli mdima.

Memory sanadikire kuti moni athe.

"Ine ndinanena kale. Munthu amene sanamvepo kupweteka kwa kubereka sangadziwe chimene mwana ali kwa mayi wake. Kwa iye ndi masewera. Wangodina."

Getrude anayang'ana pansi. Mawu amenewo anali atawamvapo kuseri kwa nkhokwe, kumaliro, kuzikwati. Pamaso anali asanauzidwepo.

"Ndalakwa, ndavomera," anatero. "Foni ndi yanga, mlandu ndi wanga. Koma ndabwera ndi pempho limodzi. Dzina lija lichoke. Likapanda kuchoka, amayi adzakhalanso pamsewu."

"Mwamva?" Memory anawomba m'manja kamodzi. "Wamaliza amayi, tsopano akufuna kufufuta achimwene. Ndani ameneyo, mlamu? Wa pamsika? Woyendetsa takisi? Mutiuze, tikamuthokoze."

"Kulibe munthu. Nthawi yake ndingaipeze kuti? Ndimadzuka kukazinga, ndimagona ndikununkha mtedza. Mwamuna wanga ndinamuika m'manda kamodzi, koma tsiku lililonse ndimamunyamula m'thumba la diresi. Anthu akumupatsa moni. Akumufunsa mitengo. Ndatopa, alamu. Ndikufuna agone."

A Bizwell anaweramira kutsogolo. Maso awo anali ofiira, ndipo sanali a ukali wokha.

"Mukudziwa kuti inenso ndimakaona kadontho kaja? Ndimati ndikatsegula foni, mng'ono wanga ali pamwamba penipeni. Ndi chokhacho chimene chatsala chikuyenda. Inu mukufuna kuchizimitsa mwambo usanachitike. Chabwino. Zimitsani. Koma mwana atsala kuno. Akachoka Boaz panyumba panu, achokenso mwana wa Boaz."

Memory anadzuka n'kugwira chikwama. Getrude anachigwira mbali ina. Anakokana ngati ana, mpaka chingwe chinaduka ndipo zinthu zinamwazika pafumbi: madiresi, makope, nsapato za kutchalitchi, kabotolo ka mankhwala opopera m'kamwa. Getrude anagwada n'kuyamba kutola. Misozi inkagwera pazovalazo ndipo sanaipukute.

"Chabwino," anatero, mawu akuduka. "Mverani ndiye, popeza mukumutenga. Aka n'kopopera chifuwa chikamutseka. Kasamakhale kutali. Utsi wa m'khitchini umamuyambitsa, musamutume kukoleza moto. Mazira sadya, amatupa maso. Akakhala chete kwambiri ndiye kuti akudwala, sanena yekha. Kukazizira mumuveke ziwiri, ngakhale akane. Masamu amamuvuta, musamukalipire, amangofuna munthu wokhala naye pafupi. Tsitsi musamukoke kwambiri poluka, kuno kumanzere kuli chipsera, anagwa pa…"

"Ndine!"

Takondwa anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

"Ndine ndinatumiza! Amami anali kosamba! Agogo amalira tsiku lililonse, ndiye ndinawatumizira mawu a adadi! Musawatukwane amami!"

Anathamanga n'kudziponya pamsana pa Getrude, kumukumbatira pakhosi mwamphamvu mpaka onse awiri anatsala pang'ono kugwa. Memory anatsala atagwira chingwe choduka chija m'manja.

Chitseko chinalira. Amayi Yosefina anatuluka atagwira khoma. Anali ataonda masiku ochepa okhawo, mpango uli pambali, mapazi opanda nsapato. Sanayang'ane mwana wawo wamwamuna kapena wamkazi. Anayang'ana Getrude.

"Unadziwa?"

"Ndinadziwa, amayi."

"Nanga osanena?"

"Akanamutcha chiyani mwanayu m'mudzi muno?"

Amayi Yosefina anayang'ana nyumba za anthu oyandikana nazo, mmene mitu inali itayamba kale kusuzumira pamwamba pa mipanda. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Tenga foni yako. Tiye kuchulu."

"Amayi," a Bizwell anaimirira, "mwambo sunachitike. Akulu sana…"

"Unabereka Boaz ndiwe? Khala pansi."

Mudzi wonsewo netiweki imagwira pamalo amodzi okha, pachulu chachikulu kuseri kwa khola. Getrude anawagwira mkono apongozi ake pokwera. Udzu unali wautali mbali zonse, koma pakati panali kanjira kakang'ono kopondeka bwino, ka munthu mmodzi, kokwera mpaka pamwamba. Sanafunse kuti anakapanga ndani. Pamwambapo mphepo inkawomba, ndipo kumunsi kunkaoneka mitengo ya kumanda.

Amayi Yosefina anakhala pansi, akupuma movutika.

"Usamaganize kuti ndapenga," anatero. "Ndikudziwa kuti anafa. Ali apo, pafupi ndi atate ake. Ndimakazula udzu ndekha. Koma ndikakwera pano n'kuona kadontho kaja kakuyaka, mtima umati mwina. Mwina anangopita kutali kumene kulibe basi. Ndiye ndimamuuza za mbuzi."

Getrude anakhala pansi pambali pawo.

"Lachinayi lija mawu aja ndinawazindikira. Ndinali nditawamvapo kale, chaka cha nkhokwe. Mutu unandiuza kuti ndi akale awa. Koma manja anali atagwira kale nkhuku." Anayang'ana manja awowo ngati ndi a munthu wina. "Ndinakhala pamsewu paja ndikudziwa kuti sabwera. Koma ndinkaopa kuchoka. Ndinkati, nanga akatsika?"

"Amayi, zimenezi zikuphani."

"Zandipha kale theka." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Tandiuza zoona. Ukachotsa dzina, mawu ake apita nawo?"

"Sapita. Zonse zimene analankhula zikhala pomwepo. Zithunzi zomwe. Kungoti pamwamba pake padzakhala dzina lina."

"Ndiye kuti mawu a mwana wanga azikhala pansi pa dzina lako."

"Inde."

Kumunsi Takondwa anali ataima pafupi ndi khola, akuyang'ana kumwamba, osayerekeza kukwera.

"Ngati mmene wakhalira uyo," anatero amayi Yosefina. "Tsegula ndione."

Getrude anatsegula. Timabokosi titatu tija tinaoneka. Anayamba ndi kapakati, kufufuta dzina lake lomwe, ndipo sanamve kanthu. Kenako anabwera pa koyamba. Amayi Yosefina anayandikitsa nkhope mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Chilembo chomaliza chinachoka. Chotsatira. Chotsatira. Panatsala chimodzi, chachikulu chija cha mimba ziwiri.

"Ima kaye."

Anaika chala pachilembocho osadina, kungochisisita mmene munthu amasisitira tsaya la khanda. Ndiye analira. Sikunali kulira kwa pamaliro kokuwa kuti anthu amve. Kunali kwa pansi, kotuluka m'mimba, mapewa akugwedezeka. Getrude anagwira foni ndi dzanja limodzi, linalo anawagwira msana, ndipo naye analira. Analirira Boaz bwinobwino, mwina koyamba chiikireni maliro, pakuti masiku onsewa panali mabotolo oti atsuke.

"Chotsa," anatero amayi Yosefina.

Kabokosi kanatsala koyera.

Getrude anapukuta mphuno n'kuyamba kulemba. Analemba koyamba, n'kupita ku komaliza kuti afufute Jere.

"Ukulemba chiyani?"

"Getrude Mbewe. Dzina la kwathu."

"Ndani wakuthamangitsa? Fufuta zimenezo."

"Nanga ndilembe chiyani, amayi?"

"Lemba dzina lako."

"Dzina langa ndi lomweli."

"Limenelo ndi la mtsikana. Mtsikana sadziwa kuti chipsera chili kumanzere." Analoza kukhola ndi chibwano. "Leticia anamubereka, Mulungu amusunge, sitimuiwala. Koma ine ndakhala ndikuitana molakwa zaka zonsezi, ndipo palibe anandidzudzula. Lemba Amake Takondwa. Jere usamugwire, msiye pomwepo."

Getrude anayang'ana chenjezo lija pagalasi.

"Amayi, zikalembedwa sizisinthika msanga. Foni ikuti mpaka miyezi iwiri."

"Ine ndikunena za moyo wonse, iwe ukuti miyezi iwiri. Lemba, dzuwa likundiwotcha."

Analemba. Amake m'koyamba, Takondwa m'kapakati. Analakwitsa kawiri chifukwa maso sankaona bwino. Foni inafunsa mawu achinsinsi, ndipo analemba amene Boaz anaika kalekale, tsiku lija la bedi limodzi. Panatsala podina pomaliza.

"Pati?" anafunsa amayi Yosefina.

"Apa, pa buluu."

Anadina. Foni sinamve, chala chinali chouma ndi ming'alu ya khasu. Anachinyambita, kuchipukuta pachitenje, n'kudinanso. Kanthu kanazungulira pagalasi, kuzungulira, mphepo ikuwomba, mpaka Getrude anaganiza kuti netiweki yathawa. Kenako dzina linatuluka pamwamba pa chithunzi cha mabotolo. Kadontho kobiriwira kanali pomwepo, pambali pa munthu wamoyo.

"Za akulu zidzachitika tikakolola, adye nyama yawo," anatero amayi Yosefina akudzuka. "Koma ine ndamasula. Mukadzapeza mwamuna, adzakupezani muli amake Takondwa, ndipo akadzafuna adzakutengeni nonse awiri, inu ndi mwana. Ndigwireni, mawondo awa si anga."

Getrude anamva kuti amuti inu, osatinso iwe. Anangowagwira.

Atatsika anapeza a Bizwell ataima kumapeto kwa khola, foni ili m'manja, akuikweza m'mwamba kusaka netiweki. Anayang'ana pagalasi nthawi yaitali. Kenako anaiika m'thumba n'kulowa m'khola ngati pali ng'ombe yofunika kuiona, ndipo anakhalamo ndithu. Memory sanapepese. Anthu ena pakamwa pawo sipanapangidwire zimenezo. Koma pamene Getrude ankasanzika, anapeza chikwama chili pakhonde, zovala zitakutumulidwa fumbi n'kupindidwa, chingwe chitasokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Kabotolo kopopera kanali pamwamba penipeni.

Sikuti zonse zinatha tsiku limenelo. Kasitomala wina anafunsa ngati bizinesi yagulitsidwa. Amayi ena a kutchalitchi anayang'anizana Getrude akudutsa. Takondwa anapitiriza kupempha mawu a adadi ake, ndipo Getrude anamuuza kuti azimvera pamaso pake, osati mobisa, ndipo akamaliza azikatsuka mbale. Nthawi zina ankamvera limodzi. Kuchokera ku Chipangali kunali zii. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Getrude ankayang'ana foni kawirikawiri kuposa kale, ndipo anayamba kuopa kuti mwina pochotsa dzina lija anachotsanso chimene chinkawakweza amayiwo pachulu m'mawa uliwonse.

Uthenga unafika Lachitatu, iye akuthira chiponde m'mabotolo. Anapukuta chala bwinobwino asanadine.

"Bo…"

Mawuwo anaduka. Kunamveka mphepo ya pachulu, tambala chapatali, ndi mpweya wa munthu wokalamba akuukoka pang'onopang'ono. Getrude anayandikitsa foni kukhutu.

"Amake Takondwa, mwadzuka bwanji? Mtedza tazula, ukuuma. Bwerani Loweruka mudzatenge wanu Bizwell asanagulitse wonse. Mubwere ndi mwana. Muvale zotentha, kuno kwayamba kuzizira."

Getrude anadina poyankhira. Anayamba kulankhula, mawu anakana, anafufuta. Anayambanso.

"Tamva, amayi. Tinyamuka mwana akamaliza kuchapa yunifolomu. Tifika madzulo."

Loweruka amayi Yosefina anasesa pabwalo, anathyola nkhwani, anavala chitenje cha kutchalitchi. Memory anawaona akupita kumsewu ndipo anafuna kuwaletsa, koma a Bizwell anamugwira mkono. Anakakhala panjerwa yomwe ija, pansi pa mango. Galimoto yoyamba inatulutsa fumbi, iwo anaimirira, inadutsa. Anakhala. Yachiwiri chimodzimodzi. Dzuwa litapendeka kunatulukanso fumbi lina kumwera, ndipo anaimirira, dzanja lili pachipumi.

Ulendo uno minibasi inaima.